Madzi Osamba a Hatchi ya Yohane

Wokondedwa mng'ono wanga Nelesi,

Landira moni m'dzina la Ambuye. Kaya muli bwanji ku Bulawayoko? Kuno tonse asanu ndi awiri tili bwino, bondo langa lokha ndilo likuvutabe.

Loweruka Yohane wathu anakwera hatchi ya ku esiteti pampikisano wochokera ku Mponela, kudutsa m'mapiri, kukathera ku Malomo. Zinanyamuka hatchi 11. Abwana ake anati akamaliza ulendowo asiya kusesa m'khola, akhala wokwera weniweni.

Ife tinamudikira pakati panjira, pamene dokotala wa ziweto amayeza hatchi iliyonse. Kugunda kwa mtima wa hatchi kukapanda kutsika kufika pa 64 pamphindi, mphindi 20 zisanathe, basi mwatuluka. Yohane anatiuza kuti tikonze ndowa zisanu ndi imodzi za madzi oiziziritsira. Koma mkazi wake anatenthetsa zonse!

"Anabanda, mwatani kodi?" anakuwa Yohane atafika.

"Nanga wochokera kutali n'kumupatsa madzi osamba ozizira? Ineyo sindinaleredwe choncho!"

Ndinaika khutu panthiti za hatchiyo n'kuwerenga: 80. Amayi a mvano anathamangira kudambo ndi ndowa. Tinaviika zitenje za zipani zonse zitatu n'kuifunditsa. Mtima unatsika pa 74, kenako 69. Itatsala mphindi imodzi ndinapeza 63, dokotala nayenso 63! Ndinalulutira mpaka mawu kusasa.

Yohane anafika wachinayi, ndipo tsache wapatsira wina.

Chonde unditumizire wotchi yokhala ndi kamuvi ka masekondi, popeza yomwe ndinawerengera tsikulo ndinabwereka kwa abusa. Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mkulu wako,
Elube