Mtengo wa galimoto yofiira ya malemu

Wokondedwa mng'ono wanga,

Landira moni wanga, iwe pamodzi ndi onse a pakhomo pako. Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupeza uli wamphamvu, ndiponso kuti msana umene mlongo wathu akuti ukukuvuta chifukwa chogona kunsi kwa magalimoto tsiku lonse wayamba kukumvera. Nanga amayi ali bwanji? Kodi mankhwala a m'maso aja akuthira pa nthawi yake, kapena akuwasungabe m'kabati ngati kuti adzabala ena?

Ine kuno ndili bwino, kupatula bondo lakumanzere limene limandikumbutsa zaka zanga ndikamakwera masitepe. Ntchito ya kosindikizira mabuku ikuyenda. Ndikadali pa tebulo lomwe lija la pawindo, kuwongola zolakwa za anthu amene amathamangira kulemba buku asanadziwe kumanga chiganizo. Andigulira nyale yatsopano, ndipo bwana wasiya kulimbana nane pa nkhani ya pamene mpatuliro uyenera kukhala. Sindikudandaula kanthu.

Chimene chandikhazika pansi lero ndi nkhani ya galimoto. Ndikudziwa kuti useka, popeza ine ndi zitsulo sitinamvanepo chibadwire. Seka ndithu, koma uwerenge mpaka kumapeto.

Mayi eni nyumba imene ndakhalamo zaka zisanu ndi ziwiri tsopano anaferedwa amuna awo chaka chatha. Malemuwo anali wogulitsa nsalu, munthu wofatsa, koma anasiya galimoto yosagwirizana ndi kufatsa kwawo: yofiira, ya mipando iwiri yokha, yaifupi ngati yagwada, ya denga lansalu lopindika, ya mtundu uja wopangidwira liwiro osati banja kapena katundu. Yakhala kuseri kwa nyumba pansi pa mtengo miyezi yonseyi. Mayiwo anaganiza zoigulitsa kuti akonzetse denga la nyumba, limene likudontha malo anayi. Dokotala wa mano wa mumsewu mwathu anaifuna. Koma awiriwa ndi anansi akale, ndipo aliyense ankachita manyazi kutchula mtengo. Pomaliza anagwirizana kuti ine ndiwerengere, ndipo chimene ndinene onse achilandira. Dokotalayo anati munthu amene amayenda ulendo wobwereza kukabweza chenje chopitirira kwa wogulitsa buledi sangabere aliyense. Ndinavomera, ndipo ndinalonjeza pamaso pawo kuti sindidzakondera mbali.

Ndinayamba monga ndinaphunzitsidwira. Ndinasonkhanitsa nyuzipepala za miyezi itatu, ndinadula malonda onse a magalimoto a mtundu umenewu ndi a zaka zofanana, ndipo ndinapeza khumi ndi anayi. Ndinalemba mizere ndi rula, ndinataya mtengo wokwera kwambiri ndi wotsika kwambiri, ndi kupeza wapakati. Kuti ndisakutopetse ndi manambala, tinene kuti mtengo wapakatiwo ndi magawo khumi.

Loweruka lotsatira kunatulukira mlendo amene palibe anamuitana, wamalonda a magalimoto akale amene mumsewu muno amamutcha a Nsapatozoyera. Anaizungulira galimotoyo kawiri, anamenya matayala ndi nsapato zakezo, kenako anakanda ndi chala utomoni ndi zitosi za mbalame pa boneti nanena kuti apa mtengo wadya mtengo. Anaseka yekha nthabwala yakeyo. Ataliza injini kunamveka kugogoda, ndipo iye anagwira m'chiuno ndi kupukusa mutu ngati wafika pamaliro. Anati injiniyo ikupuma komaliza, koma chifukwa cha chisoni ndi amayi amasiye angathe kupereka magawo asanu tsiku lomwelo. Nditamuonetsa pepala langa anandifunsa ngati galimoto imayendera Chilatini, ndipo anati abwana a zolembera angachite bwino kubwerera m'nyumba asanadetse kolala.

Pamenepo ndinakumbukira tsiku limene sindinyadira nalo. Ukukumbukira nditabwera ku galaja kuja kudzakudzudzula chifukwa chosiya sukulu? Ndinalankhula pafupifupi ola lathunthu. Iwe unangotenga sikuludiraiva yaitali, nsonga yake unaiika pa injini, chogwirira chake pa khutu, n'kutseka maso. Ine ndinayesa mwano. Loweruka lija ndinapempha mayiwo sikuludiraiva ya malemu, ndinavula jekete, ndi kuchita monga unachitira. M'kati mwa injini munkamveka bwinobwino, mosalala ngati makina osokera a telala wodziwa ntchito. Kugogoda kunkachokera kunsi. Ndinagwada, bondo likudandaula, ndipo ndinapeza kachitsulo kogwira paipi ya utsi katamasuka. Nditakapanikiza ndi kamtengo, phokoso linati zii. A Nsapatozoyera anayang'ana wotchi nakumbukira kuti akuwadikira kwina. Mayiwo anaseka mpaka kukhala pansi pa sitepe, ndipo madzulo ake anandipatsa tiyi m'kapu ya alendo.

Zikanathera pamenepo, ndikanakulembera kalata yodzitama. Koma sizinathere pamenepo.

Mita yowerengera mtunda inkasonyeza kuti galimotoyo yayenda pang'ono poyerekeza ndi zinzake za m'nyuzipepala, choncho ndinawonjezera gawo limodzi, nakhala magawo khumi ndi limodzi. Ndinalemba bwino pa pepala loyera. Ndisanasaine, ndinalowa kukhala pa mpando wa dalaivala kuti ndione m'kati komaliza. Ndivomere kuti chiwongolero ndinachigwira nthawi yotalikirapo kuposa mmene ntchito inkafunira. Ndiye phazi langa linaterereka pa chopondera cha kilatchi. Nditawerama ndinaona kuti labala wake anatha mpaka chitsulo chikunyezimira, ndipo mpando umene ndinakhalapo unali wolowa pakati ngati mtondo. Ndinamvanso mawu ako, amene unauza kasitomala wina tsiku lomwe lija ine ndikupuma pa ulaliki wanga: unati mita imayendera waya ndipo waya amaduka, koma chopondera chimadyedwa ndi phazi lokha.

Ndinawafunsa mayiwo. Anayankha mosabisa, akupukuta mbale, kuti mita inafa chaka chimene mwana wawo wamkazi anakwatiwa, ndipo inakhala yakufa zaka zisanu ndi chimodzi. Zaka zonsezo malemuwo ankapita Lamlungu lililonse kukaona mwanayo ku tauni ina, ulendo wa maola atatu kupita kokha. Kwa iwo imeneyi inali nkhani ya chikondi cha bambo pa mwana, osati ya mtengo. Sanaone chovuta chilichonse.

Mng'ono wanga, palibe wina amene ankadziwa. Dokotalayo amayang'ana m'kamwa mwa anthu, sayang'ana kumapazi. Denga lodonthalo limadonthera ndi m'chipinda changa chomwe, ndipo ndikudziwa kuti mayiwo ali ndi mwana wa mchemwali wawo amene wakhala akuchifuna chipindachi, chimene ndi chokhacho mumsewu muno chokhala ndi windo loyang'ana kum'mawa ndi mashelefu okwana mabuku anga. Pepala la magawo khumi ndi limodzi ndinayenda nalo m'thumba masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinaling'amba. Ndinawerengera maulendo a Malamlungu onse aja, ndinawonjezera pa mita, ndinachotsa za utoto umene mtengo unawononga, ndinabwezerapo kanthu chifukwa injini ndi yabwino ndipo malemu ankasunga malisiti a mafuta a injini m'bokosi la nsapato. Zinatuluka magawo asanu ndi atatu.

Ndinawerenga pamaso pa onse awiri pabalaza, chifukwa ndi chifukwa, osadumpha kanthu. Dokotalayo anangoyang'ana pansi. Mayiwo anafunsa ngati ndakhala ndikumwa tiyi wawo zaka zisanu ndi ziwiri kuti ndidzawalande magawo atatu m'manja. Ndinayankha kuti magawo atatuwo sanali awo, ndipo sanali anganso oti ndingawapatse. Anatuluka osatseka chitseko.

Masiku atatu madzi otentha amene ankandibweretsera m'mawa uliwonse sanafike pakhomo la chipinda changa. Tiyi anabwerera m'kapu yobenthuka, ndipo moni unafupika mpaka kutsala mawu amodzi. Ndinayamba kufunsa kuntchito makatoni olongedzera mabuku anga.

Tsiku lachinayi m'mawa anagogoda. Anaima pakhomo atanyamula ndodo ya mita imene malemu ankayezera nsalu, ndipo anandionetsa kumapeto kwake kumene kunakhomedwa kachitsulo. Anati ndodoyo itayamba kudyeka, malemuwo anaikhoma kachitsuloko tsiku lomwelo kuti wogula asaperewedwe ngakhale chala chimodzi. Anati bambowo akanamva kuti galimoto yawo yagulitsidwa ndi mita yonama, akanachita manyazi kumene aliko. Atatero anandiuza kuti ndine munthu wouma mutu ngati chitseko, ndipo ndisunthe mabuku a pakona chifukwa kukubwera mvula. Madzi otentha anali pansi pambali pawo.

Dokotalayo analipira magawo asanu ndi atatuwo osanenerera. Lamlungu loyamba anapinda denga lansalu lija n'kuwatenga mayiwo kukaona mwana wawo, mpango uli petupetu ndi mphepo, msewu wonse utatuluka kudzaonerera. Ndalamazo zakwanira mbali zitatu za denga. Mbali yachinayi ndi ya pamwamba pa chipinda changa, ndipo idikira chaka chamawa. Chidebe chikadali pakona, koma chipinda ndi changa, ndipo ndimagona tulo tabwino.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi. Dokotalayo wandifunsa zimene ayenera kusintha poyamba pa galimoto imene yayenda mtunda wotere ndi kuima chaka chathunthu. Ndinamuuza kuti ine sindidziwa, koma kwathu ndili ndi mng'ono wanga amene amamva injini ndi khutu. Undilembere, ndi dzanja lako, osati kudzera mwa mlongo wathu. Ndikudziwa chimene unasiyira kulemba. Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo unanditumizira kalata yondiuza kuti watsegula galaja yakoyako, ndipo ine ndinaibweza nditaichonga ndi inki yofiira. Ndinapezamo zolakwa makumi awiri ndi zitatu. Ndinaziwerenga zonse, koma nkhani imene unandiuza sindinaiyankhe. Lemba monga umalankhulira. Cholembera chofiira chimagona kuntchito masiku ano, m'dirowa, ndipo kalata yako sichidzaiona.

Undiperekere moni kwa amayi, uwauze kuti juzi imene analuka ikundisunga. Moni kwa alamu anga, amene ndikudziwa kuti ndiwo amakukumbutsa kudya, ndi kwa ana onse, makamaka wamkulu amene akuti wayamba kukuposa msinkhu. Moni kwa mlongo wathu ndi amuna ake, kwa amalume, ndi kwa azakhali amene akuti akundiyesabe mwana wasukulu.

Tsalani bwino, amisiri, ndipo muusamale msanawo. Musayese kuti ndasokoneza galamala m'chiganizo chimenechi. Ndalemba dala.

Ndine mkulu wanu,
wa pa tebulo la pawindo