Élio si mlongo wanga

Lolemba, 5 de Maio

Wanena! Élio wanena! Pamsika pomwe, matumba a mbatatesi akadali pa mota, njinga yake yamoto, fumbi la ku Tsangano mpaka m'nsidze. Akuti, "Ndikufuna ukhale wanga, basi." Ine kuseka ngati chitsiru. Mayi wina ndamupatsa mulu wa tomato, ndalama osalandira. Zilibe kanthu!

Lachisanu, 9 de Maio

Bairo, dera lathu lonse, ladziwa kale, kaya waulula ndani. Amayi kumangomwetulira uku akuchapa. Mawa abale a Élio akubwera kwa amalume a Gaspar, nkhoswe yanga. Kapulana, zitenje zanga zonse, ndayesa, palibe yondikhala.

Loweruka, 10 de Maio

Mayo ine. Zinayamba bwinobwino, kufunsana za makolo: nkhondo ija mudathawira kuti, mudabwerako liti. Kenaka alendo atchula agogo ake akuchikazi a Élio, a Nachisale. Amalume nkhope gwaa. Kani a Nachisale ndi malemu agogo anga, amayi awo a amayi, anali a bere limodzi! Adasiyana ku kampu ya othawa nkhondo ku Dedza, wina kubwerera ku Tsangano, wina kuno ku Furancungo. Ndiye kuti Élio ndi mlongo wanga. Mlongo! Amalume akuti magazi amodzi sakwatirana. Alendo anyamuka, nkhuku osaidya.

Lachitatu, 14 de Maio

Kumsika sindinapite. Tomato akuola. Mota iliyonse ikamadutsa, ine pazenera.

Lamulungu, 18 de Maio

Titachoka ku tchalitchi amayi anaitanitsa amalume, n'kukhala nawo pakhonde, ine ndili pomwepo. Amayi akuti iwo sadabadwe mwa agogo. Pothawa nkhondo, panjira ya ku Ntengo-Wambalame, agogo adapeza kamwana kakulira pambali pa mtolo, kopanda mwini, n'kukabereka kumsana. Kamwanako ndi amayi.

Amalume ankadziwa! Anali okonzeka kupha ukwati wanga kusiyana n'kunena pagulu kuti mlongo wawo ndi wotola. Alira, bambo wamkulu ngati uja.

Ndamuimbira Élio. Wakuwa mpaka khutu langa kuwawa. Si mlongo wanga! Si mlongo wanga! Ndavina ndekhandekha kubafa, ndowa ndagubuduza.

Lolemba, 19 de Maio

Abale a Élio akubweranso Loweruka. Nkhuku ina iphedwe basi! Ndadzuka ndikuimba, ndapeza amayi akusesa pabwalo. Pakamwa pangapa! Ndangoti, "Amayi, paukwati tiitane abale anu onse, asatsale ndi mmodzi yemwe!"

Tsache linaima.

"Abale ati, mwanangu?"

Iwo anapitiriza kusesa.