Roketi yathu yabwerera pangolo

Loweruka, ku Iponga. Lero landiwawa.

Roketi imene ine ndi a Kayange, owotcherera zitsulo ku Boma, takhala tikupanga chichokereni dzinja sinauluke. M'mamawa kumunda wokolola kale mpunga, komwe timati tiiulutsire, kunali bata, kumwamba kuli mbee, zonse titakonzeratu. Koma akomiti yokonza mwambowu anati kuyatsa mlendo wolemekezeka asanafike n'chipongwe. Ndinawauza kuti mwera umadzuka dzuwa likakwera. Iwo amvekere, "Aphunzitsi, mtima m'malo, ali m'njira."

Anafika masana. Kenako pemphero, malonje, zolankhula. Pomwe amamaliza n'kuti mphepo ikugwetsa mipando, moti roketi ikanakagwera pa madenga audzu a eni mudzi. Ndinakana kuyatsa. Chilolezo cha a zandege, chomwe ndinachiyendera mpaka nsapato kutha, chinali cha lero lokha.

Mlendoyo anajambulitsa atagwira roketi, n'kundifunsa kuti, "Nanga za nyengo simunaziganizire bwanji?" A Kayange anang'ung'udza m'Chinkhonde n'kupita kukatenga ngolo.

Chithunzicho chafika kale pafoni yanga. Akomiti alemba pansi pake kuti mwambo wayenda bwino.