Mphika wa theka wa Felesiya

Amayi anga, kodi kumene muliko kuli bwanji?

Ife kuno ku Kawale tilipo, mvula yayamba. Denga la kuchipinda kwanu likudonthabe pamalo pomwe paja, ndipo beseni lanu ndi limene likulandira madziwo. Mkazi wa mlongo wanga Lameki anachira mu Okutobala, ndi mwana wamwamuna, mphuno yake ndi yanu ndithu. Kamunda ka ku Njewa sikanatichitire bwino, chimanga chinatha tisanafike mwezi wa khumi. Mandasi ndikukazingabe m'chiwaya chanu chija, ndipo anthu a mumzere wathu akumatchulabe dzina lanu pogula.

Koma nkhani imene ndakulemberani ndi ina. Felesiya wanu wabwera. Ndati wanu chifukwa tonse tikudziwa. Ine woyamba kubadwa ndinali wotunga madzi ndi wokoleza moto, iye chitsirizira anali wolawa ndiwo. Mutadwala ndinakusambitsani miyezi isanu ndi iwiri, koma mukatsegula maso funso lanu linali lakuti, "Felesiya waimba foni?" Nthawi imeneyo sindinakuuzeni kuti zinkandiwawa. Lero ndanena.

Mukukumbukira kuti azungu amene ankawaphikira kumayadi anam'tenga kupita naye ku Mozambique. Tsopano amaphika m'kaboti kawo pa nyanja ya mchere, kamene kamatenga alendo okawedza nsomba, masiku anayi osaona mtunda. Wabwera wonenepa, khungu losalala, ndi zithunzi zodzaza envulopu. Amayi a mumzere wonse amadzaza pakhonde panga kudzamva nkhani zake, ine ntchito yanga kuwafulira tiyi. Akuti chitofu cha gasi cha m'botimo n'chopachika, mafunde akamenya chimapendama chokha kuti poto akhale chilili. Potoyo amam'pana ndi zitsulo, chivundikiro amachimanga, iye mwini amadzimanga lamba m'chiuno kuti asagwere pamoto. Akamaliza kuphika amakatseka gasi kubotolo kwenikweniko, osati pachitofu pokha. Ndipo akuti poto sadzaza, amalekeza theka, chifukwa m'boti mukabuka moto mulibe kothawira.

Apa ndi pamene ndinaseka. Theka! Inu munkati, "Mphika wa theka ndi wa munthu woumira, mlendo amayamba kudya ndi maso." Pakhomo pathu chiwaya chimadzaza mpaka m'milomo, ndipo ine ndasunga mwambo wanuwo zaka zonsezi, iye ali kutali.

Zonsezo ndikanapirira, Amayi. Pamene pandilasa ndi pa Chisomo, mdzukulu wanu. Analemba mayeso a Fomu 4, wangokhala pakhomo. Mwana amene ndinam'phunzitsa kukanda ufa asanayambe sukulu, lero pakamwa pake pangodzaza "mayi aang'ono akuti". Kenaka Felesiya anandiuza kuti mabwana ake agula boti lachiwiri, akufuna wophika wina, ndiye akuti apite naye Chisomo mu Januwale. Ndinakana kwamtuwagalu. Ndinati nyanja ndi yoopsa. Koma inu mukundidziwa, si madzi amene ndinkaopa. Munthu ananditengera amayi, anditengerenso mwana?

Loweruka lapitali ndinali ndi ntchito yokazinga mandasi a pachinkhoswe cha mwana wa a Nabanda, oyandikana nafe aja. Mukudziwa kuti mbaula yathu inathyoka mwendo umodzi, timaichirikiza ndi njerwa. Ndinathira mafuta mpaka m'milomo, mwadala, Felesiya akuona.

Iye anati, "Achemwali, tapungulani mafutawo, mbaulayi ikugwedera."

Ndinati, "Pano si paboti, mayi. Ndinayamba kukazinga mandasi iwe ukuyenda wopanda kabudula."

Ndipo ndinawonjezanso ena, kuti Chisomo aone kuti mayi ake sauzidwa zochita pamoto.

Njerwa ija inali itamwa mvula sabata yonse. Mandasi achiwiri ali pamoto, inangophwanyika. Chiwaya chinapendama, mafuta anatayikira pamakala, moto unalilima n'kugwira chiwaya chonse, malawi mpaka kunyambita masaka a pakachisakasa kathu. Ine ndinathamangira ndowa ya madzi. Ndikuti ndikhuthule, Chisomo anandigwira mkono n'kukuwa kuti, "Amayi, madzi ayi!" Anandikankha, ndowa inagwera uko. Anatola chivundikiro cha sefuliya yaikulu, chimene anali atachiika pafupi kuyambira m'mawa monga anam'phunzitsira mayi ake aang'ono, n'kuvundikira chiwaya. Felesiya anakokola dothi ndi manja kukwirira makala. Moto unazima. Pambuyo pake ndi pamene Chisomo anandiuza kuti madzi akagwera m'mafuta oyaka amaphulika, ndipo ine ndi amene ndinali nditaweramira pomwepo.

Chisomo anapsa padzanja. Ine ndinali kale m'nyumba kufunafuna mankhwala otsukira mano kuti ndim'pake, monga tinkachitira. Potuluka ndinapeza Felesiya atam'gwira dzanja pampopi, madzi ozizira akuyenderera, ndipo sanam'chotse mpaka nthawi itapitapo ndithu. Kuchipatala anati anachita bwino. Ngakhale pamenepo, wochita bwino anali iye.

Mukudziwa chimene chinandipweteka koposa? Felesiya sananene kuti "ndimanena ine". Akanatero ndikanapeza poyambira mkangano. Anangotenga tsache, kusesa, n'kukhala pansi kundithandiza kukanda ufa wina. Mandasi a chinkhoswe tinakazinga ndi mafuta a theka, pang'onopang'ono, ndipo a Nabanda anati anakoma. Ndinangoyankha kuti zikomo, mtima ukuwira.

Munkati, "Nsanje ndi nkhuni yaiwisi, utsi wake umayamba kuliza mwini moto." Ndinkaganiza kuti mukunena amayi a kumsika. Ine ndinkauza aliyense kuti ndikuteteza mwana wanga ku nyanja, koma mwanayo wapsa pakhonde pa mayi ake, ndipo wom'psereza ndine. Dzanja lake ndimaliona m'mawa uliwonse pom'manga bandeji.

Ndiye ndavomera, Amayi. Chisomo apita mu Januwale. Ndinganame ndikati mtima wayera. Ndikamuona akuseka ndi Felesiya pamphasa, akuphunzira kumanga mfundo za zingwe, ndimanyamuka n'kulowa m'nyumba. Adzaona nyanja imene ine sindidzaiona, ndipo akadzabwera, m'nkhani zake zonse mudzakhala mng'ono wanga.

Dzana ndinapita ku Mchesi kukagula nsalu yokhuthala, yonga ya ovolosi. Ndikusokera Chisomo epuloni yaitali yofika m'mapazi, ndi manja, chifukwa akuti m'boti madzi owira amatha kukudumphira. Felesiya anati ali nayo ya pulasitiki yoti am'patse, ine ndinati asunge. Chitofu chikhale cha mng'ono wanga, nzeru zikhale za mng'ono wanga, koma chophimba thupi la mwana wanga chichokere m'manja mwanga.

Asanakwere basi ndibwera naye kumanda kuti adzakutsazikeni, ndikulonjeza. Felesiya nayenso ndim'tenga, musadandaule. Koma maluwa oyamba ndiika ndine.

Ndine wokukondani mpaka lero,
mwana wanu Esinati