Mapepala Amene Ndinayatsira Mbaula

14 Meyi

Okondedwa Achemwali,

Pepani ndi zilembo zokhotakhotazi ndi mawu olakwika. Mukudziwa kuti sukulu ndinalekezera sitandade folo.

Mayi aja ndinkawagwirira ntchito tinawaika m'manda Loweruka. Anthu ovala masuti ananena kuti anali mkazi woyamba kuno kulemba mabuku a nkhani zazitali, kuti anagonapo m'ndende chifukwa chokana nkhondo. Ine ndinangokhala kumbuyo.

Achemwali, ndalakwa. Mayi akalemba tsamba ankandiwerengera ine ndikusita. Likawakomera ankaliika m'kabati. Likawaipira ankaliponya m'dengu n'kunena, “Kayatsire mbaula, mwina kumeneko likagwirako ntchito.” Zaka makumi awiri takhala tikutero. Koma sabata yomaliza manja awo anali atafooka, zinthu zinkangowapulumuka. Ndinapeza mapepala asanu ndi awiri m'dengu. Sindinafunse. Ndinayatsira moto wa madzi awo osamba.

Dzulo kunabwera wosindikiza mabuku pamodzi ndi mwana wa malemuwo, msilikali uja Mayi anasiya kulankhula naye chivalireni yunifolomu. Anakhuthula kabati yonse. Buku lomaliza lilipo, koma mapeto ake palibe.

“Ndi amayi amenewo,” anatero msilikaliyo akuseka, maso ali psuu. “Ngakhale mkangano wathu sanaumalize. Anti, inu simunawaoneko mapepalawo?”

Ndinati ndikaone kaye mphika pamoto. Panalibe mphika.

Mapetowo ndinawamva ndi makutu angawa. Mayi wa m'nkhanimo, amene anathamangitsa mwana wake chifukwa cha mfuti, amapita yekha kumsasa wa asilikali, n'kumuvula nsapato, n'kumutsuka mapazi. Powerenga pamenepo Mayi analira, ine mpaka ndinapsereza malaya ndi simbi. Koma mwana wa Mayi, msilikali uja, akuganiza kuti amayi ake amwalira atamukwiyira.

Ndikaulula, adzati wantchito anawotcha buku la munthu wamkulu, mwina mpaka m'nyuzipepala. Nanga popanda pepala ndani angandikhulupirire? Ndikakhala chete, mwanayo adzakalamba nacho mumtima. Ndikungozungulira m'nyumba muno, kupukuta tebulo lopukuta kale.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Mwana wanu woyamba uja, ngati mudakakwiyitsanabe, chonde muitaneni adzadye nanu.

Msilikaliyo abweranso Lachinayi kudzatenga makiyi. Mpaka pano sindinadziwe choti ndimuuze.

Ndine mng'ono wanu wokusowani.