Ng'ombe Imene Ili Mumtima mwa Bambo

Cairo, Lachiwiri

Achemwali anga a Sabah,

Mtendere ukhale nanu. Muli bwanji kumeneko ku Sohag? Nanga bondo lija likukuvutanibe? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ndiye ayi.

Ndiyambe ndi zabwino. Opaleshoni ya bambo yayenda bwino. Chifuwa sanang'ambe monga tinkaopera. Anangoboola pang'ono m'mphechepeche, n'kulowetsa kapaipi mumtsempha mpaka kumtima, n'kuikamo kachitseko katsopano m'malo mwa kaja kanauma, kamene kankatsekereza magazi. Phuma lija latha. Dzulo apemphera chogwada mpaka mphumi kugunda pansi, osatinso chokhala pampando. Atadzuka analira, nanenso ndinalira.

Tsopano imvani chimene chikundidya. Kachitsekoko amakapanga ndi kachikopa ka nyama. Adokotala anandiitanira pambali n'kunena kuti mmene mtima wa bambo ulili, kamene kangakhale bwino ndi ka nkhumba. Ndinathamangira kwa shehe wa mzikiti wa pafupi, iwo anati pofuna kupulumutsa moyo palibe tchimo. Ndinavomera. Koma bambo atandifunsa kuti akuwaika cha nyama yanji, pakamwa panga panatuluka mawu oti ng'ombe. Adokotala anandiyang'ana, ine n'kuzolika.

Mukuwadziwa bambo. Suja anaphwanya kapu yatsopanotsopano chifukwa choti anamwera mlendo wonunkha mowa? Ndinaopa kuti akana, n'kukwera sitima kukafera kumudzi.

Panopa nkhani yawo ndi ng'ombeyo basi. Aliyense wobwera kudzawazonda akumuuza kuti iwo ndi ng'ombe tsopano ndi pachibale. Mkazi wanga atawaphikira nyama anakankha mbale, ati munthu sadya m'bale wake, awapatse nyemba. Bambo anauzanso anamwino kuti akamva kulira kwa ng'ombe muwodimo asadabwe, ndi iwowo, Haji Abdel-Sabour, akutsokomola. Anthu amafa nazo kuseka. Ine ndimatuluka panja.

Bambo atinso ndikuuzeni kuti ng'ombe yathu yaikazi ija musaigulitsenso, ndipo muziiwonjezera msipu. Chitani zimenezo, ilibe mlandu.

Achemwali, pempho langa ndi limodzi. Tikubwera Lachinayi pa sitima. Sindingathe kumawaona bambo akuimirira pamaso pa Mulungu atanyamula bodza langa m'chifuwa, choncho ndidzawauza. Chimene ndikuopa n'chakuti angasiye kumwa mankhwala, kapena kuyesa kuti mapemphero awo salandiridwa. Inu amakumverani. Mudzakhalepo, mudzawagwire mkono. Akafuna kutukwana atukwane ine, ngakhale kundithamangitsa pakhomo, bola mapiritsi azimeza.

M'mawa uno bambo anatenga dzanja langa n'kuliika pachifuwa pawo, ati ndimve mmene ikukokera khasu ng'ombe yawo. Ndinamvadi, mtima ukugunda mwamphamvu ngati wa mnyamata. Kenaka anandipsompsona pamphumi, ati mwa ana awo onse, amene sanawanamizepo ndine.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Gaber, kwa azakhali a Fathiya ndi kwa ana onse. Mundipempherere.

Ndine mlongo wanu wosowa mtendere,
Refaat