Chitenje Chija Ndachiona ku Park Station

Azakhali,

Muli bwanji kumudziko? Kuno ku Zandspruit tili bwino, kuzizira kokha basi.

Loweruka ndinapita ku Park Station kukatumiza bulangete lanu. Basi yochokera ku Blantyre itaima, anatsikamo Esinati, mwana wanu, ali woyembekezera, atavala chitenje chobiriwira chija ndinakugulirani inu. Womulandira chikwama anali a Hendrick, amuna anga, amene m'mawa anati akupita kuganyu ku Cosmo City. Paja munati Esinati ndiye ankawaphikira atabwera kumudzi pa Khirisimasi, ine n'kuthokoza.

Ndinafuna kukalipa, azakhali, koma mawu anakanika kutuluka, misozi n'kuyamba. Inandikwiyitsa misoziyo. Chopweteka chili mumtima, nanga maso akulowererapo chiyani? Mayi wina wa Chizulu anandipatsa mpango wake. Sandidziwa, koma anaona. Mwina ntchito ya misozi ndi imeneyo, kunena zimene pakamwa palephera, kuti wina amve.

Inu simunaione misoziyo, n'chifukwa chake ndalemba. Amene anamuperekeza Esinati kokwerera basi, sindifunsa.

Bulangete lija ndatumizabe. Muzifunda bwino.

Ndine mwana wa achimwene anu,
Nester